Pakamwa Pafewe, Phazi Lisasunthe

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, iwe uli kudambo ndi amayi ako kothirira nazale ya fodya. Ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ukanagwada chapatali, n'kuyang'ana pansi, n'kumangoti "inde bambo" pa chilichonse, ine osadziwa chimene walandira ndi chimene wakana mumtima. Pepala sungaligwadire. Uwerenge lero lomwe, chifukwa kumapeto kwake kuli ntchito yoti uigwire mawa m'mawa usanakwere basi.

Tiyambe ndi zimene zachitika, osati zimene tikuopa. Unapita kukaphunzira ntchito yothandiza anthu m'ndege. Mayeso olemba unakhoza. Za chithandizo choyamba kwa wodwala unakhoza. Chinakugwetsa n'chimodzi. Tsiku loyeserera ngozi, mphunzitsi wanu, bambo wa imvi uja, anakhala pampando ngati wapaulendo wamakani, atakumbatira chikwama, n'kukana kutuluka. Iwe unayenera kumulamula mokweza kuti asiye chikwamacho atuluke. M'malo mwake unagwira manja pamodzi, n'kunena chapansipansi kuti chonde bambo, ngati mungathe. Anakubweza kunyumba. Akupatsa mwayi wachiwiri, ndipo ananeneratu kuti wachitatu kulibe. Amayi ako andiuza kuti dzana unawanong'oneza kuti mwina ndi bwino ungokhala, uzigulitsa m'golosale ya azakhali ako pa Kaluluma pano. Golosale si yoipa, yaphunzitsa asuweni ako onse. Koma sindilola kuti ukhale kuseri kwa kauntala moyo wako wonse chifukwa chakuti unalephera kuuza munthu wamkulu kuti ayi.

Buku la maphunziro ako limene unasiya patebulo ndaliwerenga lonse. Azakhali ako amati ntchito imeneyi ndi yoperekera tiyi m'mitambo, ngati m'tiyirumu ya pa siteji. Bukulo silikutero. Za tiyi zili chakumapeto, timasamba tochepa. Mbali yaikulu ikunena za moto, utsi, makomo, munthu wokomoka, ndiponso katulutsidwe ka anthu ambiri pa khomo laling'ono nthawi isanathe. Ndiye kuti kampaniyo ikufuna mlonda wa miyoyo ya anthu, tiyi ndi wongowonjezera. Gwira mfundo imeneyi, Tadala, chifukwa zonse zimene ndikuuze zatsamira pamenepo.

Ine ndege ndinakwerapo ulendo umodzi wokha, kupita ndi kubwera, pamene boma linatitumiza ife alangizi a zaulimi angapo ku Nairobi kukaphunzira za kasamalidwe ka nthaka. Iwe unali ku pulayimale. Nditabwera ndinakusimbirani za mitambo yooneka ngati thonje ndi nyumba zazitali. Za uchitsiru wanga sindinasimbe, poti panalibe amene zikanamuthandiza. Lero alipo.

Popita, mtsikana wokankha kangolo ka zakudya anandifunsa ngati ndikufuna nkhuku kapena nsomba. Ine ndinachita ngati mlendo woleredwa bwino wa kwathu kuno. Ndinagwira pamimba n'kunena kuti ndadya kale, asavutike. Chonsecho chichokereni ku Kasungu mbandakucha ndinali ndisanaike kanthu mkamwa. Ndimadikira kuti andikakamize, monga amachitira amayi ako mlendo akakana koyamba, kuti ayi ndithu, ingolawani pang'ono. Mtsikanayo anangomwetulira n'kukankha kangolo kake kupita patsogolo. Ndinatsala ndikumva fungo la nkhuku ya mnzanga, a Mwale a cha ku Lifupa, amene ankanyambita zala uku akundiseka, amvekere m'ndege mulibe apongozi oti uwachitire manyazi. Patapita nthawi mtsikana uja anabwera yekha, n'kuika buledi ndi tiyi patsogolo panga osafunsa kanthu. Anali ataona mmene maso anga ankatsatira kangolo kaja.

Pamenepa ndi pamene maleredwe ako adzakhala chida chimene anzako ena alibe. Anthu akwathu adzakwera ndege yako: agogo opita kukaona adzukulu ku Joni, mayi wopita kuchipatala kunja, mlimi ngati ine amene wavala jekete yobwereka. Iwe umawadziwa. Akakana chakudya, uwafunse kachiwiri. Ukaona gogo akungotembenuka pampando, dziwa kuti akufuna kuchimbudzi koma akuopa kudzutsa mnzake wa pambali, ndipo akhoza kupirira mpaka ndege itatera. Pita ukamunong'oneze, umuperekeze, umuonetse mmene chitseko chimatsekedwera ndi pamene amasindikiza kuti madzi apite, umuuziretu kuti phokoso lake lisamuopse. Wolephera kumanga lamba usamuphunzitse mokweza anthu akumva. Pereka kapu ndi manja awiri ngati malo alola. Zimenezi usazitaye. Palibe amene akukuuza kuti usiye ulemu.

Koma imva za pobwera, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yako. Anandipatsa mpando wa pa khomo lotulukira pangozi, pomwe pali malo otambasulira miyendo. Pambali panga panakhala mwini esiteti wina wa cha kuno. Dzina sinditchula, ukumudziwa, bwana uja amaitana matenanti ake poliza zala. Anali atagula chitsulo cha injini yake yopopera madzi, cholemera, atachikulunga m'chikwama, n'kuchiika pamapazi pake, pakhomo penipeni. Wothandiza wa mbali yathu anali mtsikana wa ku Malawi konkuno, msinkhu wako wa leroli. Bwana uja anali atamuitana kale kawiri kuti "iwe mtsikana," kufuna madzi ndege isananyamuke n'komwe. Mtsikanayo anabwera, ndipo sanagwade, ananjuta m'kanjira ka pakati kuti maso ake alingane ndi a bwanayo.

"Bambo, chikwamachi chikhale m'kabati ya pamwamba. Pano ndi pa khomo lotulukira pangozi."

Bwana anakana. Anati chitsulocho achithyola akachiika pamwamba. Anati ali ndi ana aakazi aakulu kuposa iye. Anati pa esiteti pake amalamula anthu ambiri kuposa onse a m'ndegemo, ndipo sanauzidwepo ndi mwana poika katundu wake. Mtsikanayo anamvetsera zonsezo osamudula. Atatha, anabwereza mawu omwe aja, osawonjezera osachotsera, mawu ake osakwera. Apa ndi pamene bambo akowa, munthu wowerenga mabuku, analowererapo.

"Mayi, asiyeni. Awa ndi akuluakulu."

Mtsikanayo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, okhala pa khomo ili ndi amene amandithandiza kulitsegula zikavuta. Inu mwayamba kale kunditsutsa tili pansi. Nyamukani nonse awiri."

Tinanyamuka. Sindikudziwa kuti miyendo inamvera bwanji mutu usanavomere. Anatikhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi, ndipo pa khomo paja anaikapo anyamata awiri amene anamufunsa mwaulemu kuti chogwirira chimakokedwa bwanji. Chikwama chinakwera pamwamba. A Mwale anandipeza kumeneko popita kuchimbudzi, n'kundifunsa ngati andikweza pantchito kukhala woyang'anira zimbudzi.

Ulendo wonse bwana uja ankang'ung'udza kuti akalembera kampani kalata, ndipo ine ndikhale mboni. Ndinakana. Ndinali nditatenga kapepala ka zithunzi kamene amaika m'thumba la mpando, n'kuona ndekha kuti khomo lija likatseguka pangozi, anthu onse a mipando yapakati amadutsa pomwe panali chitsulo paja, mumdima kapena mu utsi. Woyamba kupunthwa amagwetsa onse. Mtsikanayo sanatichite chipongwe. Anawerengera anthu amene ife sitinkawaona chifukwa anali kumbuyo kwathu. Ndipo chimene chinandidabwitsa kwambiri, Tadala, n'chakuti nthawi ya tiyi itakwana anatipatsa ndi manja awiri, akutitchula bambo, ngati palibe chinachitika. Potsika ndinaima pakhomo n'kupepesa. Anangoti palibe kanthu bambo, muyende bwino, monga ankauzira wina aliyense. Nkhani inathera pomwe chikwama chinakwera pamwamba. Sanasunge mkwiyo, sanafunenso kuti timuthokoze.

Ndiye lemba mumtima mawu awa: pakamwa pafewe, phazi lisasunthe. Mtsikana uja sanasiye kunena kuti bambo. Sananene kuti iwe. Sanatukwane. Koma sanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Iwe tsiku la mayeso lija unaganiza kuti uyenera kusankha pakati pa ulemu ndi lamulo, ndipo unasankha ulemu. Palibe chosankha pamenepo. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Mwina uti za m'ndege ndi za kutali. Imva ya pafupi. Chaka chatha, nthawi ngati ino ya makuponi, anandiika pageti la depoti ya feteleza kuti ndizilowetsa anthu pang'onopang'ono. Ukudziwa mmene pamakhalira: anthu afika kusanache, dzuwa la Novembala, aliyense akuyang'ana kumwamba kuopa kuti mvula igwa feteleza asanafike kumunda. Anatulukira atsibweni anga, agogo ako aja a ndodo yachitsulo, n'kudutsa mzere wonse mpaka pageti. Anandiitana ndi dzina la paubwana, n'kundifunsa ngati mwana wa mlongo wawo angawasiye padzuwa. Ndinkadziwa bwino lomwe choyenera kuchita. Ndinatsegula geti pang'ono kuti alowe okha. A kumbuyo ataona geti latseguka anaganiza kuti ayamba kulowetsa anthu mwachinyengo, ndipo anakankha. Mpanda wa waya unagwa. AnaZimba, amene amagulitsa tomato pa siteji aja, anagwa pansi anthu n'kuwaponda. Mkono wawo unathyoka, ndipo mpaka lero khasu saligwira bwino. Mizere ya m'munda mwawo akupanga ndi ana.

Ulemu umene ndinapereka kwa munthu mmodzi ndinawalanda anthu onse amene anali kumbuyo kwake. Chaka chino atsibweni anabweranso pageti pomwe paja ndi ndodo yawo. Ndinawapatsa moni, ndinawatengera mpando pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kuwauza kuti alowa nthawi yawo ikakwana. Anandinena kuti sukulu inandiwononga. Kutchalitchi ankandidutsa osandiyang'ana. Sabata yatha anabwera okha kudzabwereka sipuleya yopopera mankhwala, n'kudya nafe mbatata. Mkwiyo wa munthu wamkulu umatha, mwana wanga. Mkono wa anaZimba sunawongoke. Ukadzaona munthu wa imvi akukana kumanga lamba, kapena akuimirira ndege ikutera kuti atsitse katundu wake msanga, usayang'ane imvi zake zokha. Yang'ananso amene akhala kumbuyo kwake.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ngakhale sunanene. Ukuopa kuti mawu okweza mulibe mwa iwe. Zimenezo si zoona, ndipo ndili ndi umboni. Mwezi watha ng'ombe za eni zitalowa ku nazale, ndinali kuchigafa ndikukonza denga. Ndinamva mawu ako kuchokera kudambo, agalu a kutsidya anayamba kuuwa, ndipo mwini ng'ombe anabwera akuthamanga nsapato ili m'manja. Sunati chonde ng'ombe, ngati mungathe. Unaona kuti fodya wa chaka chonse akupita, ndipo mawu anatuluka okha. Mawu uli nawo. Chimene ulibe ndi chilolezo chowagwiritsa ntchito pa munthu wamkulu, chifukwa ine ndi amayi ako tinakuphunzitsa kuyambira uli wamng'ono kuti wamkulu sayankhidwa ndipo sayang'anidwa m'maso. Sitinalakwe, pakhomo pano pamayenda bwino ndi mwambo umenewo. Koma chilolezocho ndi ife tingapereke, ndipo ndikukupatsa lero. Ukavala yunifolomu, m'ndege muja wamkulu ndi iwe, kupatula woyendetsa ndege ndi amene akukuyang'anira. Kaya wakwera ndi abusa, kaya ndi bwana wa esiteti, kaya ndi ine.

Pali zina zimene bukulo likunena mwachidule koma ine ndikufuna ndiwonjezere. Adzapezeka amuna omwa mowa amene adzafuna botolo lina pamene maso afiira kale. Uwauze kuti basi, uwapatse madzi, ndipo usakambirane nawo za mtengo wa tikiti yawo. Adzapezeka ena amene adzakugwira mkono kapena m'chiuno poitana, ngati akuitana mwana wawo. Usaseke pofuna kuti zithe bwino, chifukwa kuseka kwako iwo adzakuyesa kuvomera. Chotsa dzanjalo, uwayang'ane, uwauze kuti pali batani loitanira, kenako ukanene kwa wokuyang'anira nthawi yomweyo, osadikira kuti ndege itere. Kunena si kuneneza. Adzapezekanso amantha, amene amakalipa chifukwa ndege ikugwedezeka ndipo sakufuna kuti anthu aone kuti akuopa. Amenewa ndi osiyana ndi amwano, ndipo udzaphunzira kuwasiyanitsa. Wamantha mufotokozere zimene zikuchitika, mwachidule ndiponso moona. Usamunamize kuti palibe kanthu pamene iye akuona kapu ikuvina. Anthu amadekha akauzidwa zoona ndi munthu amene sakunjenjemera.

Ndipo ukadzatopa, pakuti udzatopa, usadzachitire anthu zimene bwana uja amachitira matenanti ake. Yunifolomu imasokoneza mutu ngati mmene umachitira udindo wina uliwonse. Ndawaona anzanga pageti la depoti akukalipira amayi okalamba chifukwa chongoti lero makiyi ali nawo ndi iwo. Lamula pamene pali chifukwa, ndipo chifukwacho chikhale chimene ungathe kuchiloza m'buku. Pa zina zonse tumikira. Munthu akakufunsa funso lomwelo kachitatu, muyankhe kachitatu. Ine ndinali munthu ameneyo, wanjala, wamanyazi, wovala jekete ya eni.

Pali tsamba limodzi m'bukumo limene ndikudziwa kuti lidzakuvuta kuposa onse. Likuti mpweya ukachepa m'ndege, tizipangizo topumira tikagwa kuchokera pamwamba, uyambe wavala kako usanathandize wina aliyense, ngakhale mwana. Iwe unakula ukudya pomaliza, utagawira alendo, ine ndi alongo ako. Mtima wako udzakuuza kuti kuyamba iwe ndi dyera. Si dyera. Munthu wopanda mpweya amakomoka msanga, asanazindikire n'komwe kuti akukomoka, ndipo wokomoka sathandiza aliyense, amangowonjezera katundu woti ena anyamule. Uyambe iwe. Ndikubwereza, Tadala: uyambe iwe.

Azakhali ako abwera madzulo ano kudzakutsanzika, ndipo ndikudziwa zimene adzanene, kuti mwana wamkazi wolalatira akuluakulu sapeza banja, ndipo m'golosale muli malo. Uwamvetsere mpaka amalize, monga anachitira mtsikana uja. Uwathokoze. Amakukonda, ndipo akunena zimene iwo anaona pa moyo wawo. Koma katundu wako asachoke m'sutikesi.

Tsopano ntchito ija. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyenda pa njinga yamoto ya kuntchito popanda helemeti. Ndimati imatentha, ndimati msewu wa fumbi ndimaudziwa. Iwe wakhala ukuziona. Unauzapo amayi ako kangapo kuti bambo adzavulala, amayi ako n'kundiuza, ine n'kuseka. Kwa ine sunanenepo ngakhale kamodzi. Ndine munthu wokhulupirira umboni, ndawerenga zimene zimachitikira mutu ukagunda pansi, ndaperekezapo anzanga kuchipatala cha pa Boma, komabe helemeti ili pa msomali kuseri kwa chitseko, akangaude amangamo nyumba. Ndiye kuti inenso ndine wapaulendo wamakani, wa imvi, wokumbatira chikwama chake.

Mawa m'mawa ndikutengera pa njingayo mpaka pa Kasungu Boma kukakwera basi ya ku Lilongwe. Ndabwereka helemeti yachiwiri kwa a Mwale, ili pa sutikesi yako. Ine nditulutsa njinga pabwalo, ndimanga sutikesi kumbuyo, ndikhala pachishalo mutu uli pamtunda. Amayi ako ndi azakhali ako adzakhala pakhonde akuonerera, ndawauza kale kuti asalowerere. Makiyi adzakhala m'thumba mwako, ndawaika m'jekete yako yabuluu. Njinga siilira mpaka iwe utandilamula kuti ndivale helemeti, n'kuona ndi maso ako kuti ndamanga lamba wake pachibwano.

Usayembekezere kuti ndikufewetsera. Ndidzanena kuti ikutentha. Ndidzanena kuti ndinayamba kuyendetsa njinga iwe usanabadwe. Ndidzakufunsa kuti unayamba liti kuphunzitsa bambo ako, ndipo mwina ndidzakweza mawu, chinthu chimene sunandimvepo ndikuchita kwa iwe. Ukagwada, ndikhala. Ukati chonde ngati mungathe, ndikhala. Ukatembenukira kwa amayi ako kuti akuthandize, ndikhala. Basi siidikira munthu, ndipo ikapita, ndidzamasula sutikesi ndi manja anga n'kukaisiya kwa azakhali ako. Sindikuopseza, ndikungokuuza mmene zidzakhalire, chifukwa munthu amene sangalamule bambo ake pabwalo la kwawo sindingamutumize kukalondera miyoyo ya ana a eni m'mwamba.

Koma ndikukudziwa, Nabanda. Ndinamva mawu aja kudambo. Imirira mowongoka, undiyang'ane m'maso, unditchule kuti bambo monga mwa masiku onse, ndipo usachoke pamene waima. Pakamwa pafewe, phazi lisasunthe.

Helemeti yako uyambe wavala.

Ndine bambo ako.